Kabati Yolira Fodya Akafewa

Ndinaphunzira zamagetsi pothawa fodya, ndipo izi sindibisa. Ndinabadwira cha ku Chulu, kumene mwana amadziwa kusoka fodya asanadziwe kulemba dzina lake. Ndinakula manja ali bii ndi phula la masamba lija losamva sopo. Tsiku limene ndinalandira satifiketi ndinalumbira pamaso pa mayi anga kuti tsamba la fodya sindidzaligwiranso. Koma ntchito ndinaipeza pa boma pomwepa, ku kampani yaing'ono yosamalira zamagetsi m'maesiteti. Ndiye kuti tsiku ndi tsiku ndinkabwerera ku fodya yemweyo, kungoti tsopano ndinkafika pa galimoto, nditavala ovolosi ndi jombo.

Chaka chimene ndikunenachi abwana anga anagula kachipangizo komvera magetsi akayamba kudwala. Anthu amaganiza kuti magetsi amphamvu, aja timati ileveni-kevi, amangophulika mwadzidzidzi. Si choncho ayi, amayamba achenjeza. Mphira wokuta waya akang'ambika pang'ono, kapena akadetsedwa ndi fumbi, magetsi amayamba kudumphadumpha timoto ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timototo sitifika mbali inayo. Timangonyambita mphirayo, kumudya pang'onopang'ono kwa miyezi, mpaka tsiku lina njira imatha kubooka ndipo kabati yonse yachitsulo imaphulika. Kachipangizoko kamamva kulira kwa timoto timeneti. Umavala mahedifoni, n'kumayendetsa kamlomo kake m'mipata ya zitseko za kabati popanda kutsegula. Pabwino umangomva mpweya. Podwala pamalira ngati mazira pa mafuta otentha.

Ananditumiza ku Lilongwe masiku atatu kukaphunzira kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo ndinabwerako ndikuyenda ngati boma lonse la Kasungu ndinamanga ndine. Ndinali mkazi ndekha pakati pa amuna asanu, ena a iwo anayamba kukwera mapolo ine ndili kumbuyo kwa mayi anga, ndiye kukhala ndi chinthu chimene iwo sankachidziwa kunkandikoma kwabasi. Kachikwama kake sindinkalola munthu kukagwira.

Mwezi wa Juni, chisanu chili pachimake, manijala wa esiteti ina ya kumadzulo anaimba foni. Sanadandaule kuti magetsi akuvuta. Anadandaula za amayi. Pa esitetiyo panali shedi yaitali yosankhiramo fodya, ndipo kumapeto kwake, khoma limodzi, kunali kachipinda ka magetsi ka makabati atatu. Mbali ya khomalo ndi imene inali yowala bwino, ndipo osankha fodya ankakhala kumeneko kuti aziona mtundu wa tsamba. Tsopano kapitawo wawo, mayi wina wachikulire, anali atawasamutsa onse n'kuwapititsa kumapeto kwina kwamdima, ati kuseri kwa khoma kukulira chinthu. Ntchito inayamba kuyenda pang'onopang'ono, magiredi akusokonekera, galimoto ya ku okushoni ikudikira. Manijalayo ankafuna pepala losainidwa lonena kuti kulibe kanthu, kuti amayiwo abwerere pamalo pawo.

Tinafika cha m'ma leveni, chifukwa galimoto yathu sinkadzuka popanda kukankhidwa. Dzuwa linali litakwera, kunja kuli gwa. Ndinalowa m'kachipindamo n'kuyeza makabati onse atatu, mpata uliwonse, pamwamba ndi pansi, kawiri konse. M'makutu mwanga munangomveka mpweya. Ntchitoyo ndinaigwira bwino, ndipo mpaka lero palibe angandiuze kuti ndinachita mwaulesi.

Potuluka ndinapeza amayi akapitawo aja ataima pakhomo, manja kumbuyo. Anali aafupi, ojintcha, atamanga duku mothina, ndipo nkhope yawo inali ya munthu wosazolowera kubwereza mawu. Tinapatsana moni, kenaka anandiyang'ana mahedifoni ali m'khosi.

"Mwabwera mochedwa," anatero. "Chimalira fodya akafewa."

Ndinaseka. Kuseka kumeneko ndimakukumbukira kuposa zonse za tsikulo, chifukwa kunali kwamwano ngakhale ndinayesa kukuphimba ndi dzanja. Ndinawayankha kuti, "Amayi, magetsi sadziwa fodya."

Sanakwiye. Anandifunsa kuti kwathu n'kuti, ndipo nditatchula Chulu anayang'ana manja anga nthawi yaitali.

"Ndiye mwaiwala msanga, mwana wanga."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima njira yonse yobwerera. Ndinalemba lipoti tsiku lomwelo, lalifupi, lonena kuti makabati onse ali bwino, n'kusaina ndi siginecha yanga ija yokhala ndi mchira wautali. Patatha sabata manijala anatiitananso, chifukwa amayi aja anakanabe kubwerera kukhoma. Ulendo uno tinafika cha m'ma thuu masana. Ndinayezanso, sindinamve kanthu, ndinasainanso. Amayi akapitawo sanabwere n'komwe kudzandiona.

Lachisanu la sabata imeneyo manijala anaimba kuthokoza. Anandiuza mosangalala kuti nkhani yatha, wawapatsa akapitawo aja kalata yoti mwezi ukatha achoke, chifukwa choopseza antchito ndi nkhani zamizimu. Ndinafunsa kuti akachoka apita kuti. Anati zimenezo si za esiteti. Dalaivala wathu, amene ankadziwa aliyense wa m'maesiteti onsewo, ndi amene anandiuza zotsalazo. Nyumba imene amayiwo ankakhala inali ya esiteti, ndipo ntchito ikatha nyumba nayo imatha. Anali atakhalamo zaka zoposa makumi awiri. Amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mankhwala ankalandirira pa kachipatala ka pa esiteti pomwepo. Kumudzi kwawo kunali kutali, malo ake anagawana kalekale ena.

Ndinadziuza kuti ine ndinangoyeza, kuchotsa munthu ntchito si mbali yanga. Koma kalata yowachotsa inali itaima pa mapepala awiri, ndipo onse awiriwo anali ndi dzina langa pansi.

Loweruka ndinapita kumudzi kukaona mayi anga, monga ndinkachitira mwezi uliwonse. Mchimwene wanga wamkulu amalima fodya wa bale, ndipo nthawi imeneyo anali mkati mosankha. Chakumadzulo ndinamuona akutunga madzi n'kumawaza pansi m'chigafa, ndowa zingapo, monga bambo athu ankachitira. Sindinaganizepo kanthu. Chinthu chimene wachiona kuyambira uli mwana suchionanso.

M'mawa kusanache bwino anandidzutsa ndi phokoso lake, akukalipira aliyense kuti afulumire fodya asanaume. Ndinatuluka nditafunda bulangeti kuti ndikamuuze kuti ena tinabwera kudzapuma. Kunja kunali nkhungu, udzu uli chonyowa ndi mame. Iye anangondiponyera ndindi ya fodya kuti ndigwire, ndipo ndinaiwakha ndisanakumbukire lumbiro langa lija. Masambawo anali ofewa ngati nsalu yakale. Dzulo lake masana masamba omwewo ukanawagwira akanathetheka m'manja.

Ndinaima pamenepo ndindi ili m'manja, mutu utaima. Fodya wouma amafewa chifukwa cha chinyezi, izi mwana aliyense wa ku Chulu amazidziwa. N'chifukwa chake timawaza madzi madzulo n'kudzuka m'mamawa. Ndipo ku Lilongwe kuja mphunzitsi ananena, ine ndikulemba m'kope ndi dzanja langali, kuti timoto tija timakonda chinyezi, kuti kabati ikhoza kulira m'mawa n'kukhala chete masana, kuti poyeza uzilemba nthawi ndi mmene kunja kulili. Pa fomu yathu panali kabokosi kolembamo chinyezi. Ndinkalembamo nambala imene makina andiuza, ngati wolemba kaundula, osaifunsa kuti ikutanthauza chiyani. Akapitawo aja sanatchule mizimu ngakhale kamodzi. Anandiuza nthawi yeniyeni yoti ndibwere, m'chinenero chimene ndinayamwa, ine n'kuwaseka.

Manyazi amene anandigwira sindingathe kuwafotokoza bwino. Ndinadzikwiyira moti mchimwene wanga anafunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya abwana anga n'kuwauza kuti ndikufuna kubwerera ku esiteti ija, koma ndikafike faifi koloko m'mawa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati tasaina kawiri, kasitomala wakhutira, tsopano ndikufuna tikadzitsutse tokha kuti anthu azinena kuti kampani yathu imayeza ndi maloto? Ndinawauza kuti ngati kabatiyo iphulika, anthu adzanena zoposa pamenepo. Tinakangana mpaka tiyi wawo anazizira. Pomaliza anati kachipangizo ndikhoza kutenga, popeza palibe wina amakadziwa, koma galimoto yawo siipita kukasaka manyazi. Manijala wa ku esiteti nayenso sanasangalale pa foni, koma anati mlonda adzanditsegulira, bola ndisakayambitsenso nkhani ndi amayi aja.

Ndinakagona kwa mayi anga, ndipo tambala wachiwiri atalira ndinakwera njinga ya mchimwene wanga, kachikwama nditakabereka kumsana ndi chitenje ngati mwana. Njingayo inali yonyamulira mabelo, yopanda mabuleki odalirika, ndipo chishalo chake chinali cha munthu wamtali. Ndinadutsa njira zachidule za m'minda, zala zitauma ndi chisanu. M'dambo nkhungu inali yoti sungaone ng'ombe uli nayo pafupi. Njira yonse ndinkaganiza chinthu chimodzi, kuti nanga ndikakafika n'kumvanso mpweya chabe ndidzayang'ana bwanji abwana anga. Kenaka ndinkadzidzudzula kuti ine ndikuopa kusekedwa pamene wina akuopa kugona panja ndi mwamuna wodwala.

Ndinafika kukungoyera kumene. Amayi anali atayamba kulowa m'shedi, atadzikulunga zitenje mpaka kumutu. Pansi pa shedi panali ponyowa, fungo la fodya wofewa lili ponseponse. Akapitawo anandiona ndikutsika panjinga movutikira, chishalo chitandikola ovolosi, koma sanaseke. Anangoti, "Lero mwalawira," n'kupitiriza kugawa ntchito.

Mlonda atatsegula kachipinda kaja, mphuno inandiuza kachipangizo ndisanakatulutse. Munali kafungo kobaya, konga ka jiki wochapira zovala, kamene masana aja kanalibe. Zitseko za makabati zinali ndi timadontho ta madzi. Ndinavala mahedifoni. Kabati yoyamba, mpweya. Yachiwiri, mpweya, ndi kenakake kakutali. Nditafika pa yachitatu, ija yoyandikana ndi khoma la shedi, n'kutsitsa kamlomo kaja chakumunsi, phokoso linandiboola makutu moti ndinadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo. Manambala pa kagalasi anakwera mpaka pamene sindinawaonepo chiyambire. Ndinavula mahedifoni n'kuima duu. Ngakhale ndi khutu lokha kanali kumveka, kakuthetheka kapansipansi, kosalekeza. Munthu wokhala tsidya lina la khomalo m'mawa uliwonse sakanalephera kukamva.

Ndinadziwa kuti ndaima pafupi ndi chinthu chimene chikhoza kuchotsa chitseko chachitsulo n'kuchiponya kukhoma. Komanso mumtima munali chimwemwe chachilendo, chimene sindinachiyembekezere. Sindinasangalalepo chonchija chifukwa chopezeka kuti ndinalakwa.

Ndinatuluka, ndinatseka, n'kuuza mlonda kuti asalole munthu kuyandikira khomalo mbali zonse ziwiri. Kenaka ndinatuma uthenga kwa manijala. Anabwera atavala jekete lalikulu, nkhope isanasambe, ndipo ndinamuveka mahedifoni pakhomo pomwepo osamulowetsa mkati kwambiri. Anamvetsera, anakwinya nkhope, kenaka ananena zimene ndinkaziyembekezera, kuti mwina kachipangizo kangakonso kazizidwa. Kanena kawiri kuti kuli bwino, lero kakunena zina, ndiye akhulupirire ziti?

Funsolo linali lomveka, ndipo ndinalibe pepala loliyankhira. Ndinamupempha kuti asachoke, tidikire limodzi dzuwa likwere. Ndinapitanso m'shedi n'kupempha akapitawo, maso ali pansi, kuti ola lililonse azindibweretsera tsamba limodzi la pa mulu umene uli panja pa chofunda. Sanafunse chifukwa chake.

Seveni koloko anabwera ndi tsamba, analipinda m'manja pamaso pa manijala, linapindika osathyoka. Ndinayeza, kabati ikukazingabe mazira ake. Eyiti koloko tsamba linayamba kulimba m'mphepete, ndipo phokoso linatsika. Naini koloko linkabwera modukizadukiza. Manijala anali atasiya kuyang'ana wotchi yake, akungolanda mahedifoni ine ndisanamupatse. Cha m'ma hafu teni akapitawo anabwera ndi tsamba lomaliza, analifinya kamodzi, ndipo linathetheka n'kugwa zidutswazidutswa pa nsapato za manijala. Ndinayeza kabati ija malo omwe aja. Munali mpweya wokhawokha, ngati masiku awiri aja amene ndinasaina.

Akapitawo anakung'untha manja awo n'kubwerera ku ntchito.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma manijala anandikokera pambali n'kunena kuti wamva, wavomereza, koma tidikire masabata awiri kusankha kuthe. Kuzimitsa magetsi tsopano kuimitsa mapampu, jeke yodindira mabelo, zonse. Popeza masana chimakhala chete, ndiye kuti sichinafike poipa. Apa mtima wanga wapachala uja unandithandiza kamodzi m'moyo. Ndinamuuza kuti chinthucho sichichira masana, chimangopuma, ndipo m'mawa uliwonse chimapitiriza pamene chinasiyira. Ndinati ndikulemba pompano kuti ndamuchenjeza, ndi nthawi yake, ndipo asaine pansi pake kuti wasankha kudikira. Ndinatulutsadi pepala ndi cholembera. Analiyang'ana pepalalo, anayang'ana khoma lija, n'kutulutsa foni yake kuitana eni mzere wa magetsi kuti adzadule pa polo.

Anadula cha m'ma thuu. Nthawi yomweyo abwana anga, amene ndinali nditawaimbira foni, anatulukira pa galimoto ija imene anati siipita kukasaka manyazi, akuuza aliyense kuti ananditumiza ndi iwowo chifukwa anali ndi kachikayikiro. Ndinawasiya, chifukwa anabwera ndi zida zonse komanso mutu watsopano wa kebulo. Tinachita zonse mwa dongosolo lake, osathamanga. Tinakhoma maloko, tinayeza kuti magetsi achokadi, tinalumikiza mawaya ku nthaka, kenaka ndinamasula mabawuti a chivundikiro cha kumunsi kwa kabati yachitatu.

Chivundikiro chitachoka abwana anga anaimba likhweru pang'ono. Pansi panali ufa woyera. Mabawuti anali atabiriwira. Pa mitu itatu ya kebulo, umodzi unali ndi mzere wakuda wopsa, wochita nthambi ngati muzu wa chinangwa, woyambira pamwamba pamene pali magetsi n'kutsikira kumunsi. Ndinaika zala zanga pamene mzerewo unathera. Panatsala zala ziwiri zokha kuti ukafike pa chitsulo. Sindinganene kuti zikanatenga masiku angati, palibe angadziwe, koma kuseri kwa khoma la njerwa imodzi limenelo n'kumene mapepala anga awiri ankafuna kubwezera amayi onse aja.

Tinatukula masilabu a simenti ovundikira ngalande imene makebulo amadutsamo pansi. Munali matope, ndi achule awiri amene anatiyang'ana ngati ndife olakwa. Ngalandeyo inkadutsa pansi pa khoma n'kulowa m'shedi, ndipo kumeneko simenti inali itang'ambika. Madzi amene ankawaza madzulo aliwonse kuti fodya afewe ankatsikira momwemo. Usiku chinyezi chinkakwera n'kulowa m'kabati kudzera pa bowo la kebulo limene silinatsekedwe, ndipo chisanu cha m'mamawa chinkachisandutsa madontho pa mphira wafumbi uja.

Manijala atamva izi nkhope yake inawala. Anatembenukira kwa akapitawo, amene anali ataima chapatali ndi amayi ena, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndi madzi anu omwewo, amayi."

Ndinaona kuti kalata ija ikufuna kupeza mwendo wina woimirapo. Ndinafunsa akapitawo kuti madziwo anayamba liti kuwaza, ndipo anati anawapeza akuwaza pamene ankayamba ntchito, palibe chaka chimene sanawaze. Ndiye ndinawaitana onse kuti aone kanthu kena m'kabatimo. M'kabati iliyonse yotere mumakhala kahita kakang'ono, kofunda ngati dzanja la munthu, kamene ntchito yake ndi kuletsa madontho amenewa. Kahitako kanali kabwinobwino. Switchi yake pakhoma inali yozimitsidwa, ndipo wina anali ataimata ndi tepi kuti isayatsidwenso.

Ndinafunsa kuti anamata ndani. Ndinafunsa modekha, chifukwa yankho ndinali nditaliona kale pankhope. Mlonda anayang'ana kudenga. Patapita nthawi manijala anatsokomola n'kunena kuti chaka chathacho analamula kuti chilichonse chongodya magetsi popanda ntchito chizimitsidwe, ndipo hita m'chipinda chopanda munthu anaiona ngati chibwana. Abwana anga, amene amadziwa kusamala kasitomala, anati ambiri amalakwitsa pamenepo. Ine ndinangomatula tepiyo n'kumupatsa manijala m'manja.

Tinagwira ntchito masiku awiri. Tinadula mutu wopsawo n'kuika watsopano, tinapukuta ndi kuumitsa makabati onse, tinatseka mabowo, ndipo amisiri a pa esiteti anamata mng'alu uja ndi simenti. Mahita tinawayatsa. Tsiku lachitatu ndinabweranso m'mamawa, ulendo uno pa galimoto, fodya ali wofewa bwinobwino, ndipo makabati onse atatu anali chete. Kuyambira pamenepo fomu ya kampani yathu ili ndi mzere umene ndinaonjeza ndine, wofunsa anthu a pamalopo kuti amamva chiyani, nthawi yanji. Amuna asanu aja anaseka mzerewo mwezi umodzi, kenaka anayamba kuudzaza.

Lipoti lachitatu ndinalilemba lalitali, ndi zithunzi. Ndinalembamo mosabisa kuti malipoti awiri oyamba anali olakwika chifukwa ndinayeza nthawi yolakwika, ndiponso kuti kapitawo wa m'shedi ndi amene anazindikira vutolo n'kuchotsa anthu pangozi. Abwana anga anafuna kuti chiganizo choyambacho chifewe pang'ono. Ndinakana, ndipo anasaina akung'ung'udza.

Nditakapereka lipotilo manijala analiwerenga ine ndili pomwepo. Atamaliza anatsegula diloo, natulutsa kope la kalata ija, n'kuling'amba pakati. Anatuma munthu kukaitana akapitawo, ndipo atafika anawauza kuti nkhani ya kumapeto kwa mwezi ija aiiwale, ntchito ndi nyumba zili momwemo. Ine mtima unali m'mwamba, ndinkayembekezera kuti agwada kapena alira. Iwo anangoti zikomo, osasuntha pamene anaima.

"Pali china, amayi?" anafunsa manijala.

"Pepala loyamba lija munabwera nalo ku shedi," anatero. "Munaliwerenga anthu onse akumva, n'kumasulira m'Chichewa kuti pasakhale wotsalira. Ana anga ankasekedwa pa mjigo. Ilinso likawerengedwe komweko."

Izi sindinkazidziwa. Palibe anali atandiuza kuti mawu anga aja anawerengedwa pagulu, mayi wamkulu chonchi ataimitsidwa pamaso pa anthu amene amawayang'anira. Manijala anayamba kunena kuti palibe chifukwa chokokera nkhani, koma ndinatenga lipotilo pa tebulo n'kunena kuti ndikawerenga ndine, popeza analemba ndine.

Tinayenda atatu kupita ku shedi, akapitawo patsogolo. Amayi anali atabwerera kale kumbali yowala ija, ndindi zili m'miyendo. Ataona pepala m'manja mwanga anasiya ntchito. Ndinaima pafupi ndi khomalo n'kuyamba kumasulira mzere ndi mzere. Za kebulo ndi za hita anamvetsera mwaulemu chabe. Nditafika pa chiganizo changa chija ndinachitulutsa chonse, kuti amene analakwitsa ndine, kuti amayi awa anandiuza zoona tsiku loyamba ine n'kuwaseka, ndiponso kuti akanapanda kuuma mutu ena mwa iwo bwenzi tikuwalira.

Mayi wina kumapeto anayamba nthungululu, ena n'kulandira, mpaka malata a shedi anachita kunjenjemera. Manijala anaomba nawo m'manja, mochedwerapo pang'ono. Akapitawo anaima chilili, chibwano chili m'mwamba, misozi ikutsika osaipukuta, akuyang'ana amayi awo mmodzimmodzi mpaka womaliza. Phokoso litatsika anandigwira pamkono, mwamphamvu moti ndinamva kuwawa. Kenaka anatembenukira ku gulu lija.

"Mwamva nonse," anatero. "Tsopano tiyeni, fodya akuuma."